Love Comes Softly: filimu ya mayi wamasiye ndi mlimi yomwe oonera amasiyana nayo maganizo

Sukulu zikatsekera, funso lomwe limavuta makolo ambiri m'tauni muno ndi lakuti ana aonere chiyani. Mafilimu ambiri oikidwa m'mafoni ndi pa fulashi ndi akuti mphindi zisanu zisanathe wina wavula, wina wawombera mnzake, kholo n'kuyamba kufufuza rimoti mwamanyazi. N'chifukwa chake mabanja ndi magulu a kumpingo amakonda kuuzana mayina a mafilimu oti munthu n'kuonera pamodzi ndi apongozi osagwetsa nkhope. Dzina limodzi lomwe limatchulidwa kawirikawiri pa mafilimu achikhristu a ku America ndi Love Comes Softly, kutanthauza kuti chikondi chimabwera mwakachetechete.

Filimuyi ndi yakale ndithu, inatuluka mu 2003, koma mpaka pano anthu akaionera samva chimodzi. Ena amaitama kuti ndi phunziro la banja, ena amati ndi yozizira, pomwe ena amati imabisa mbali yowawa ya mbiri ya dziko la America. Tiyeni tione chomwe gulu lililonse limanena, komanso mbiri yomwe ili kuseri kwa nkhaniyi, kuti amene akufuna kuionetsa kunyumba kapena kumpingo adziwe chomwe akuika pamaso pa ana.

Nkhani yake mwachidule

Nkhaniyi ikuchitika m'zaka za m'ma 1800, nthawi yomwe mabanja ambiri a azungu ankachoka kum'mawa kwa America pa ngolo zokokedwa ndi akavalo kupita kumadzulo kukayamba minda. Marty Claridge ndi mwamuna wake Aaron afika pamalo omwe akufuna kumangapo. Asanakhome ndi mtengo umodzi womwe, Aaron agwa pa kavalo n'kufera pomwepo. Marty atsala yekha, alibe nyumba, alibe ndalama, alibe m'bale, ndipo nyengo yachisanu yayandikira. Chisanu chakumeneko si cha June wathu uyu ayi, n'choti munthu wogona m'ngolo sangaone chaka chinacho.

Patangotha maliro, mlimi wina wa pafupi, Clark Davis, yemwe mkazi wake anamwalira, abwera ndi mawu odabwitsa. Akuti akwatirane, koma ukwati wa dzina lokha. Marty apeze pokhala m'nyengo yozizira, iye apeze munthu womulerera mwana wake wamkazi Missie, wa zaka 9. Chisanu chikatha, ngati Marty afuna kubwerera kwawo, Clark adzamulipirira ulendo. Changu chonsechi n'chifukwa m'busa woyendayenda yemwe wayendetsa maliro akuchoka m'deralo ndipo sabwera msanga. Marty avomera chifukwa chosowa pogwira. Clark amusiyira nyumba n'kumagona m'kachisakasa kapambali.

Zotsatira zake ndi moyo wa tsiku ndi tsiku. Missie sakumufuna mayi womupezayu, Marty sadziwa ntchito za pamunda, ngakhale kupha nkhuku kwamuvuta, kenako zadziwika kuti ndi woyembekezera, mimba ya malemu Aaron. Pali mkuntho wa chipale chofewa, pali moto womwe upsereza khola. Mathero ake sitiulula, ngakhale dzina la filimuyo laulula kale theka.

Inachokera kuti

Filimuyi inachokera m'buku la dzina lomweli lomwe analemba Janette Oke, mayi wa ku Alberta m'dziko la Canada, wobadwa mu 1935. Bukuli linatuluka mu 1979 ku kampani yosindikiza mabuku achikhristu ya Bethany House, ndipo linatsatiridwa ndi ena asanu ndi awiri a banja lomweli. Amene anawongolera filimuyi ndi Michael Landon Jr., mwana wa Michael Landon uja wa sewero la pa kanema la Little House on the Prairie lomwe linayamba mu 1974. Choncho si zodabwitsa kuti amene anaonerapo seweroli amati filimuyi ndi mphwake.

Inaonetsedwa koyamba pa kanema wa Hallmark Channel mu April 2003. Marty anasewera ndi Katherine Heigl, yemwe pambuyo pake anatchuka mu Grey's Anatomy, Clark ndi Dale Midkiff, ndipo Missie ndi Skye McCole Bartusiak. Kuti anthu anailandira bwino, umboni wake ndi mndandanda wa mafilimu omwe anabwera pambuyo pake: Love's Enduring Promise mu 2004, Love's Long Journey mu 2005, Love's Abiding Joy mu 2006, ndi ena mpaka 2011. Kampani ya kanema sibwereza chinthu chomwe anthu sakuonera.

Amene amaikonda amati chiyani

Choyamba chomwe oikonda amatchula n'chakuti ndi yoyera. Mulibe kutukwana, mulibe zamaliseche, mulibe kuphana. Agogo, makolo ndi ana atha kukhala pa mkeka umodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kwa ena izi zokha n'zokwanira, basi.

Koma amene amaiganizira mozama amatchula china, chomwe ndi khalidwe la Clark. Mwamunayu ali ndi mphamvu zonse m'nyumbamo. Munda ndi wake, chakudya ndi chake, ndipo pamaso pa m'busa Marty ndi mkazi wake. Komabe samukakamiza chilichonse. Samulowera kuchipinda, samuwerengera zomwe wadya, samunyoza chakudya chikapserera, ndipo lonjezo lomulipirira ulendo salisintha ngakhale mtima wake wayamba kufuna kuti akhale. Amayi ambiri oonera amati apa ndi pomwe pali chikondi chenicheni cha filimuyi, osati pa mawu okoma. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Clark ndi munthu wodekha.

Enanso amakhudzidwa ndi za Marty ndi Missie. Nkhani ya mayi womupeza ndi mwana wa mwini timaidziwa tonse, ndipo m'nthano zambiri mayi womupeza amakhala mfiti. Apa ayi. Mwana ndi amene akuvuta, koma filimu ikutionetsa chifukwa chake: Missie akulira mayi ake ndipo akuopa kuti akamukonda mlendoyu ndiye kuti wawataya. Marty amugonjetsa pozindikira kuti onse awiri ndi anamfedwa, n'kuyamba kumuphunzitsa kuwerenga, iyenso n'kumaphunzira kwa mwanayo ntchito za pakhomo. Aliyense amene analerapo mwana wamasiye amaziona yekha pamenepa.

Amene amaidandaula

Dandaulo lofala n'lakuti filimuyi imayenda pang'onopang'ono ndipo mathero ake munthu amawadziwiratu mphindi khumi zoyamba. Achinyamata ozolowera zothamangitsana amagona nayo. Oikonda amayankha kuti n'zoona, koma filimu yonena za chikondi chobwera mwakachetechete ingathamange bwanji? Apa ndiye palibe wolakwa, n'kusiyana kwa makonda chabe.

Dandaulo lachiwiri n'lakuti moyo wa pamunda auyeretsa kwambiri. Anthu amene akuti akuvutika kutchire ali ndi mano oyera mbee, tsitsi lokonzedwa bwino, zovala zooneka ngati zangochoka pa chingwe. Munthu amene anagwirapo khasu amaseka. Zoona zake, m'zigwa zazikulu za pakati pa America mitengo inali yosowa, moti mabanja ambiri ankamanga nyumba ndi zibuma za dothi lodula pamodzi ndi udzu wake, ndipo nkhuni zawo zinali ndowe zouma za njati ndi ng'ombe. Mu 1874 dzombe linadya mbewu m'madera a Kansas ndi Nebraska mpaka anthu ambiri anasiya minda. Pa 12 January 1888 mkuntho wa chipale chofewa unapha anthu oposa 200, ambiri mwa iwo ana ochokera kusukulu. Filimu imaonetsako mkuntho ndi moto, koma njala, matenda ndi litsiro za moyo umenewo imangozidutsa.

Gulu lachitatu ndi la amene anawerenga buku. Iwo amati filimu inasintha zambiri. M'buku mwamuna woyamba wa Marty dzina lake ndi Clem, osati Aaron. Missie ndi kamwana kakang'ono kongoyamba kuyankhula, osati mtsikana wa zaka 9 woyankha akuluakulu. Marty wa m'buku ndi mtsikana wamba wa zaka 19 woyankhula chizungu cha kumudzi, pomwe wa mu filimu ndi wophunzira, wabwera ndi mulu wa mabuku m'ngolo. Ena amati kusinthaku kunathandiza, chifukwa mwana wamkulu amatha kukangana ndi mayi womupeza ndipo filimu imafuna mkangano. Ena amati kunachotsa kudzichepetsa komwe kunali mtima wa bukulo.

Ukwati dothi la pamanda lisanaume

Apa ndi pomwe mkangano umakula, makamaka pakati pa amayi. Mwamuna angamufunsire bwanji mkazi yemwe wangoika mwamuna wake? Ndipo mkazi amene wavomera chifukwa akakana afa ndi chisanu, tinganene kuti wasankha?

Funsoli si lopanda pake. Kwa ife kuno limakumbutsa za chokolo, komanso za amayi amasiye amene amalowa m'banja lomwe sakulifuna chifukwa achibale a mwamuna alanda katundu yense. Vuto la kulanda chuma cha masiye linakula mpaka dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye mu 2011 lomwe limati kulanda katundu wotere ndi mlandu. Ndiye munthu amene anaona mlongo wake kapena mayi ake akudutsa m'zimenezi sangaonere Marty akuvomera ukwati n'kungoti ndi nkhani yokoma ya chikondi.

Oteteza filimuyi amati pali kusiyana kwakukulu. Clark sakulanda kanthu, sakufuna thupi la Marty, ndipo wamutsegulira khomo lotulukira kuyambira tsiku loyamba. Ukwatiwo ndi njira yoti mwamuna ndi mkazi akhale pakhomo limodzi anthu osawanena, malinga ndi mwambo wa nthawiyo. Filimu nayo siibisa kuwawa kwake. Marty akulowa m'nyumbamo ali wokwiya, wolira, wosafuna kuyankhula ndi munthu.

Onse awiri ali ndi mfundo. Chomwe tingawonjezere n'chakuti nkhaniyi yatha bwino chifukwa Clark ndi munthu wabwino, osati chifukwa njirayo ndi yabwino. Akanakhala munthu wankhanza, Marty analibe kothawira mpaka chisanu chitatha. Atsikana oonera filimuyi akuyenera kuuzidwa zimenezi momveka, kuti asatengepo phunziro lakuti kulowa m'banja chifukwa cha umphawi kumatha ndi chimwemwe nthawi zonse. Nthawi zambiri sizitero.

Nanga za Mulungu?

Pa nkhani ya chikhulupiriro oonera amasiyananso, ndipo chodabwitsa n'chakuti madandaulo amachokera mbali zonse ziwiri. Amene sakonda mafilimu achipembedzo amati ndi ulaliki wovala zovala za sewero. Akhristu ena, makamaka amene anawerenga buku, amati chikhulupiriro achichepetsa kuti filimu igulike kwa aliyense.

Zomwe zili mu filimuyo n'zakuti m'deralo mulibe tchalitchi. Clark amapemphera pa chakudya, amawerenga Baibulo, ndipo ali ndi kamalo kake paphiri komwe amapita yekha kukaimba nyimbo ndi kuyankhula ndi Mulungu. Marty samuumiriza kuti apite nawo. Khola litapsa, Marty amufunsa funso lomwe aliyense wofedwa anafunsapo: ngati Mulungu wakoyo ndi wachikondi, amalolera bwanji zoterezi? Yankho la Clark ndi fanizo la bambo woyenda ndi mwana wake. Mwana atha kugwa bambo ali pambali pake, koma sizitanthauza kuti bamboyo ndi amene wamugwetsa, ndipo chomwe mwana amadziwa n'chakuti bambo ake amudzutsa n'kumunyamula.

Ambiri amati gawo limeneli ndi lomwe limawatsalira m'mutu. Chomwe chili chabwino n'chakuti filimuyi silonjeza kuti ukapemphera mavuto atha. Aaron wafa ndithu, khola lapsa ndithu. M'nthawi ino yomwe ena amalalikira kuti chikhulupiriro ndi njira yopezera galimoto ndi nyumba, kuona munthu wopemphera akutaya katundu n'kukhalabe wopemphera ndi phunziro lina palokha. Kaya fanizo la Clark likukwanira kuyankha funso la kuvutika kwa anthu, imeneyo ndi nkhani yoti abusa ndi akulu a mpingo akambirane ndi gulu filimu ikatha.

Malo aja anali a ndani?

Dandaulo lolemera kwambiri silikhudza zomwe zili mu filimu koma zomwe mulibe. Marty ndi Aaron akufika pa chigwa chokongola, chopanda munthu, n'kunena kuti pano ndi pathu. Woonera wa kuno, yemwe amadziwa kuti malo alionse ali ndi mfumu yake ndi manda a makolo ake, amadzifunsa kuti zingatheke bwanji?

Mbiri yake ili motere. Pa 20 May 1862 pulezidenti Abraham Lincoln anasainira lamulo lotchedwa Homestead Act, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 January 1863. Lamuloli linkapereka maekala 160, omwe ndi pafupifupi mahekitala 65, kwa munthu wa zaka 21 kapena mutu wa banja, nzika kapena wolonjeza kudzakhala nzika. Munthu ankalipira madola 18 okha a kalembera, n'kumanga nyumba, kulima, ndi kukhalapo zaka zisanu, kenako malowo ankakhala ake. Kwa munthu wolima ekala imodzi kapena awiri, maekala 160 ndi dziko lathunthu. Amayi osakwatiwa ndi amasiye ankaloledwa kutenga malo m'dzina lawo, chinthu chosowa m'nthawi imeneyo. Anthu akuda omasulidwa ku ukapolo anatenganso malo, ndipo tauni ya Nicodemus ku Kansas, yomwe inayamba mu 1877, inamangidwa ndi iwo.

Mwa njira imeneyi boma linagawa maekala pafupifupi 270 miliyoni, gawo limodzi mwa magawo khumi a dziko lonse la United States. Anthu pafupifupi 1.6 miliyoni ndi amene anafika polandira zikalata za umwini, koma amene analembetsa n'kulephera kumaliza zaka zisanu anali ochuluka kuposa pamenepo. Lamuloli linatha mu 1976, kupatula ku Alaska komwe linafika 1986. Dziko la Canada, kwawo kwa Janette Oke, linali ndi lamulo lofanana nalo kuyambira 1872.

Koma nthaka yomwe boma linkati ndi yaulereyi inali ndi eni ake: a Lakota, a Cheyenne, a Pawnee, a Osage, a Comanche ndi mitundu ina yambiri. Anachotsedwa ndi nkhondo, ndi mapangano omwe boma linkaswa, komanso ndi njala, chifukwa njati zomwe ankadalira zinaphedwa kuchoka pa mamiliyoni ambirimbiri kufika pa mazana ochepa pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1880. Mu 1887 kunabweranso lamulo la Dawes Act lomwe linadula malo otsala a mitunduyi m'zigawo za banja limodzilimodzi, otsalawo n'kuperekedwa kwa obwera. Pofika 1934 malo awo anali atatsika kuchoka pa maekala 138 miliyoni kufika pa 48 miliyoni.

Zonsezi Love Comes Softly siitchula. Mu filimu yachitatu, Love's Long Journey, ndi momwe mukupezeka mayi wa mtundu wa eni nthaka monga mnzake wa Missie, wosewera wake Irene Bedard, koma nkhani ya kulandidwa kwa malo siikhala pakati. Ku America komweko mkanganowu ulipo pa nkhani zonse za mtundu umenewu. Mu 2018 bungwe la oyang'anira nyumba zowerengera mabuku a ana linachotsa dzina la Laura Ingalls Wilder, mlembi wa mabuku a Little House, pa mphotho yake ina chifukwa cha momwe mabukuwo amafotokozera eni nthaka ndi anthu akuda. Ena anakwiya nazo, ena anati zinachedwa.

Ife nkhani yotere timaidziwira mbali inayo. M'zaka za m'ma 1890 boma la atsamunda pansi pa Harry Johnston linapereka zikalata za umwini wa malo aakulu a kumapiri a Shire kwa azungu, anthu okhala pamalowo n'kusanduka a thangata pa nthaka yomwe ankalima. Mpaka lero ku Thyolo ndi ku Mulanje nkhani ya malo sinazizire. Ndiye wina akaonera filimuyi n'kufunsa kuti eni malo ali kuti, musamuone ngati wosokoneza chisangalalo. Akufunsa funso loyenera.

Izi sizikutanthauza kuti anthu ngati Clark ndi Marty anali zigawenga. Ambiri anali amphawi, ena othawa njala ku Ulaya, ongofuna poti alime. Kuvutika kwawo kunali kwenikweni, ndipo kutaya kwa eni nthaka kunalinso kwenikweni. Filimu yasankha kuonetsa kumodzi.

Ndiye tionere ndi ana kapena ayi?

Eya, ionereni. Ndi yotalika pafupifupi ola limodzi ndi theka, chizungu chake n'chosavuta, ndipo ngakhale amene samva bwino chizungu atha kutsata ngati wina akumasulira apo ndi apo. Ana aang'ono kwambiri atha kuchita mantha pa imfa ya Aaron, pa moto, ndi pa nthawi yomwe Marty akuchira, choncho wamkulu akhale pafupi. Ngati m'nyumbamo muli mwana amene wataya kholo posachedwa, yambani mwaionera nokha kuti muone ngati ali wokonzeka.

Kwa magulu a amayi, a achinyamata kapena a mabanja kumpingo, phindu lalikulu lili pa zokambirana filimu ikatha. Funsani kuti Clark anachita chiyani chomwe chinapangitsa kuti Marty amukhulupirire, ndipo abambo a pagululo ayankhe okha. Funsani kuti mayi wamasiye wa m'dera lathu lino ali ndi kothawira kotani kuti asalowe m'banja chifukwa cha njala, nanga mpingo ndi achibale akuchitapo chiyani. Funsani ana kuti Missie ankavutiranji. Pomaliza afunseni kuti akuganiza kuti pa chigwa chija pankakhala ndani ngolo zisanafike, kenako muwauze za a Lakota ndi a Cheyenne, ndi za thangata.

Mukatero mudzapeza kuti amene amaitama ndi amene amaidzudzula akhala pa mkeka umodzi, aliyense ali ndi chonena, ndipo ana amva mbali zonse ziwiri.